Phokoso m'masipika: kupeza gwero lake polumikiza kompyuta ndi ampulifaya

Pamisika ya m'mbali mwa msewu wa M5 monga Golomoti ndi Mtakataka, m'boma la Dedza, nyumba zoonetsera mpira, matchalitchi komanso anyamata oika nyimbo pamaukwati ambiri amadalira laputopu yolumikizidwa ku ampulifaya. Chimene chimawasowetsa mtendere ndi phokoso lomveka m'masipika nyimbo ikangotha kapena mlaliki akapumira. Ena amathamangira kugula ampulifaya ina, chonsecho vuto lili m'nthambo kapena pasoketi. Phokoso lililonse lili ndi gwero lake, ndipo limadziwika ndi kamvekedwe.

Kulira kosalekeza ngati njuchi

Magetsi a ESCOM, kaya achokera ku Nkula pamtsinje wa Shire kapena kumalo opangira magetsi a dzuwa ku Golomoti omwe adayamba kugwira ntchito mu 2022, amafika m'nyumba ali pa mavoti 230 ndipo amasinthasintha ka 50 pasekondi. Kusinthasintha kumeneku kukalowa m'njira ya mawu, sipika imalira motsika, mosadukiza.

Kawirikawiri izi zimachitika kompyuta ndi ampulifaya zikamatenga magetsi kumasoketi osiyana. Chilichonse chimakhala ndi njira yake ya earth, ndiye nthambo ya mawu yozilumikiza imasanduka mlatho wodutsamo timagetsi tosafunika. Amisiri amalitcha vutoli ground loop.

Kuliyesa n'kosavuta. Zulani chaja kuti laputopu iyendere batire. Phokoso likatha, gwero ndi chajayo kapena njira ya earth. Lumikizani zipangizo zonse ku ekisitenshoni imodzi. Likapitirira, zulani nthambo ya dishi kapena mlongoti kudikoda, chifukwa nayonso imabweretsa earth yakeyake. Kachipangizo kotchedwa ground loop isolator, koikidwa pakati pa kompyuta ndi ampulifaya, kamadula mlathowo koma mawu n'kumadutsa. Ngati zipangizo zonse zili ndi polowetsera nthambo ya optical, imene kampani ya Toshiba idatulutsa mu 1983, gwiritsani ntchito imeneyo: imanyamula mawu ndi kuwala, choncho magetsi sadutsamo.

Kumene kulibe magetsi a ESCOM, ma inverter otsika mtengo amatulutsa magetsi osasalala omwe amalizitsa sipika mokalipa. Apa mankhwala ndi inverter ya pure sine wave.

Phokoso ngati la mvula pamalata

Limeneli limabwera voliyumu ya kompyuta ikakhala pansi pomwe ya ampulifaya yakwezedwa mpaka kumapeto. Ampulifaya imakuza zonse zimene yalandira, mawu ndi zinyalala zomwe. Kwezani ya kompyuta kufika pa 75 kapena 80 pa 100 ndipo mutsitse ya ampulifaya. Onetsetsaninso kuti nthambo yalowa polembedwa AUX, CD kapena LINE. Polembedwa MIC ndi PHONO adapangira mawu ofooka kwambiri, motero a kompyuta amasweka akalowa pamenepo.

Kuthetheka ndi kudukaduka

Gwedezani nthambo pang'ono pomwe yalowera. Sipika ikathetheka, pulagi yachita dzimbiri kapena waya waduka mkati. M'chigwa cha Bwanje, fumbi la m'chilimwe ndi chinyezi cha m'dzinja zimadya zitsulo zimenezi msanga. Zipukuteni ndi kansalu konyowetsedwa sipiriti, magetsi atathimitsidwa, kapena sinthani nthambo.

Nthambo wamba ya RCA ikapitirira mamita asanu kapena asanu ndi limodzi imayamba kutola phokoso, makamaka ikayenda limodzi ndi ya magetsi. M'tchalitchi kapena m'holo yaikulu pamafunika nthambo ya XLR ndi kabokosi ka DI. Kaphokoso kodumphadumpha komveka foni ikatsala pang'ono kuitana kamatha mukaichotsa foniyo pafupi ndi ampulifaya. Kulira kosongoka komwe kumasintha mukasuntha mausi kumachokera m'kati mwa kompyuta, ndipo sound card ya USB nthawi zambiri imakuchepetsa.

Ndondomeko yofufuzira

Zulani nthambo zonse zolowa mu ampulifaya, musiye masipika okha. Phokoso likakhalapobe, yadwala ndi ampulifaya ndipo ipite kwa mmisiri. Likatha, bwezerani nthambo imodziimodzi mpaka libwerere. Tsitsani voliyumu musanazule kapena kulowetsa chilichonse. Ampulifaya iziyatsidwa pomalizira ndi kuthimitsidwa poyambirira, kuopa kuphulitsa masipika.

Chenjezo

Pali ena amene amathyola mwendo wautali wa pulagi kapena kudula waya wobiriwira ndi wachikasu. Phokoso limathadi, koma waya umenewu ndiwo umathawitsira magetsi pansi chipangizo chikaonongeka mkati. Ukadulidwa, chitsulo cha ampulifaya ngakhale maikolofoni zitha kukhala ndi mavoti 230, ndipo wozikhudza atha kufa. Soketi ikakhala yopanda earth, itanani mmisiri wamagetsi wovomerezeka kuti aikonze.