Makolo awiri a liwu loti "mass"

Mabuku otanthauzira mawu a Chingerezi amalemba liwu loti mass kawiri, ndipo sachita zimenezi mwangozi. Wansembe wa Katolika paguwa, mphunzitsi wa sayansi amene akuyeza mwala m'makilogalamu, ndi wandale amene akulankhula za anthu wamba, onse amatchula liwu lomweli. N'chifukwa chake ena amaganiza kuti mwambo wa m'tchalitchi udatchedwa choncho poti umasonkhanitsa khamu. Maganizowa ndi olakwika. Apa pali mawu awiri a Chilatini opanda ubale, amene adangofanana kalembedwe atafika ku England. Chichewa nachonso chili ndi zotere: mtanda wa pa Gologota si mtanda wa nsima.

Loyamba kufika lidali missa, lochokera ku mneni woti mittere, kutuma kapena kulola munthu kuti azipita. Lidali liwu lobalalitsira anthu. Isidore wa ku Seville, amene adamwalira mu 636, adafotokoza kuti dzinali lidabwera chifukwa ophunzira chikhristu osabatizidwa ankatulutsidwa nsembe isanayambe. Motero liwu louza anthu kuti atuluke ndilo lidasanduka dzina la msonkhano wonse. Chikhristu cha ku Rome chitafika ku Kent ndi Augustine wa ku Canterbury mu 597, Angerezi akale adayamba kulitchula kuti mæsse.

Patapita zaka pafupifupi 1,000, liwuli lidasanduka chinthu choopsa. Buku la mapemphero la mpingo wa England la mu 1549 lidalisunga pamutu wa mwambo wa Mgonero, koma la mu 1552 lidalichotsa. Lamulo la mu 1581, mu ulamuliro wa Elizabeth I, lidati wansembe wochita mwambowu alipire ndalama zotchedwa mark zokwana 200, wongoumvera alipire 100, ndipo onse akhale m'ndende chaka chimodzi. Akatolika a ku England adadikira mpaka 1791 kuti lamulo liwalole kuchita nsembe yawo m'matchalitchi olembetsedwa ku boma.

Lachiwiri lidachokera kukhitchini. Pa Chilatini massa ndi ufa wokandakanda kapena chibulunga cha chinthu chilichonse, ndipo Aroma adalibwereka kwa Agiriki, amene ankatchula mkate wa barele kuti maza. Baibulo la Chilatini lili nalo pa Aroma 9:21, pamene akunena za dongo la woumba mbiya, ndipo Augustine wa ku Hippo adalitenga pamenepo kuti afotokoze mtundu wonse wa anthu ngati chibulunga chimodzi chogwera m'uchimo. M'Chingerezi lidalowa kudzera m'Chifalansa cha m'ma 1400. Isaac Newton, m'buku lake la Principia la mu 1687, adalipatsa ntchito yatsopano, yotchula kuchuluka kwa zimene zili m'chinthu. Kuchulukaku sikusintha ngakhale chinthucho chitapita kumwezi, kumene kulemera kwake kumachepa.

Tanthauzo la khamu lidakula m'zaka za m'ma 1800, mafakitale atadzaza mizinda ya ku Britain ndi antchito. Poyamba munali chipongwe m'katchulidweka: amene ankati the masses kawirikawiri ankayang'ana anthu ali chapatali, n'kuwaona ngati mtanda wopanda nkhope woyembekezera wouumba. Olimbikitsa ufulu wa antchito adalilanda liwulo n'kulisandutsa lonyadira, komabe fungo la dongo la woumba silidatheretu, ndipo limamvekabe m'mawu oti mass media, amene adafala m'ma 1920.

Mwa awiriwa, amene adakhazikika m'Chichewa ndi missa, ndipo adalowera pa makomo osiyana. Khirisimasi lidadzera m'Chingerezi, momwe Christmas amatanthauza nsembe ya tsiku la Khristu. Mathero ake oti -masi akuonetsa zimenezo. Mishoni lidadzeranso komweko, ndipo kholo lake ndi mittere yemwe uja. Koma Misa lasunga kamvekedwe ka Chilatini chenicheni, chinenero chimene ansembe a Montfort amene adafika ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers amene adatsegula Mua mu 1902, ankachitira nsembe. Chilatinicho chidakhalabe paguwa mpaka msonkhano wachiwiri wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965 utatsegula njira yoti mwambowu uzichitika m'zinenero za anthu. Mapemphero adamasuliridwa m'Chichewa, koma dzina la mwambowo lidatsala momwe lidalili.