Jack Mapanje: ulembi wake unayambira kunyanja, osati ku Mikuyu

Pali mawu amene ndawamva kangapo pakati pa anthu ophunzira, ngakhale kuno ku Mangochi komwe. Akuti a Jack Mapanje anatchuka chifukwa cha ndende, ndipo pakanapanda Mikuyu bwenzi dzina lawo litathera m'makalasi a ku Chancellor College. Ine sindivomereza, ndipo tikaika zaka m'ndondomeko yake, zikundiikira kumbuyo.

A Mapanje anabadwa pa 25 Malichi 1944 m'mudzi wa Kadango, boma lino likutchedwabe Fort Johnston. M'thupi mwawo muli magazi a Chiyao ndi a Chinyanja. Mwana wa kunyanja amakula khutu lili tcheru: asodzi akuimba pokoka khoka, amayi akunong'onezana poyanika usipa, agogo akusimba nthano moto ukuzirala. Sukulu inawatengera ku Zomba Catholic Secondary School, ku Soche Hill College ndi ku Yunivesite ya Malawi, kenako ku London, kumene mu 1983 anatenga digiri ya udokotala pa maphunziro a zilankhulo ku University College London.

Mu 1970 anali mmodzi mwa amene anayambitsa Writers Group ku Chancellor College, bwalo limene alembi achinyamata ankawerengerana ndi kudzudzulana zolemba zawo. Chaka chotsatira kunatuluka kabuku ka Mau: 39 Poems from Malawi. Buku lawo loyamba la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, linasindikizidwa ndi Heinemann mu 1981, kutatsala zaka 6 kuti amangidwe. Mu 1983 iwo ndi Landeg White anasonkhanitsa ndakatulo zapakamwa za mu Africa m'buku la Oral Poetry from Africa. Munthuyu anali mlembi kale, ndipo ankadziwa kumene luso lake linamera.

Birimankhwe wa pa mutu wa buku la Of Chameleons and Gods ndi yemwe uja wa m'nthano yathu, wotumidwa ndi uthenga wa moyo koma n'kupitiriridwa ndi buluzi panjira. Ndiyenso kanyama kosintha khungu kuti kapulumuke. M'masiku a chipani chimodzi, pamene mawu olunjika ankapha, a Mapanje anachita zimene amayi amachita pamtondo: kuimba cholakwa cha mwamuna osamutchula dzina, mudzi wonse n'kumva. Wokhala ndi khutu ankatola tanthauzo, wopanda khutu ankangoona nyama ndi mbalame.

Koma kuphiphiritsa kuli ndi malire ake. Mu 1985 bukulo linachotsedwa m'masitolo, m'malaibulale ndi m'masukulu. Tsiku Lachisanu, pa 25 Sepitembala 1987, ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anatengedwa ku Gymkhana Club ku Zomba, unyolo uli m'manja. Anakafufuzidwa ku ofesi ndi kunyumba, kenako n'kukatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu. Anakhalako zaka 3, miyezi 7 ndi masiku 16, osaonekera kukhoti, osauzidwa mlandu. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero, chifukwa dziko likadzala mantha, miseche ndi kaduka zimakwanira kumeza munthu, ndipo aliyense woona amangoyang'ana kumbali poopa kuti mawa ndi iyeyo.

Si onse anayang'ana kumbali. Mnzawo wa pa koleji, wansembe wa ku Ireland, bambo Pádraig Ó Máille, anatumiza uthenga kunja mwachangu, ndipo BBC inaulutsa nkhaniyo. Amnesty International ndi bungwe la alembi la PEN anaikuwira. Mu 1988 mphoto ya Rotterdam Poetry International inaperekedwa kwa iwo ali m'chitokosi, ndipo anakawalandirira ndi Wole Soyinka wa ku Nigeria. M'katimo, popanda cholembera chololedwa, ankapeka ndakatulo n'kumazisunga m'mutu, monga woimba wa kumudzi asungira nyimbo. Madzulo timbalame tambirimbiri tinkadzagona pa waya wophimba bwalo la ndende, n'kumagwetsa zitosi pa akaidi. Timbalame timeneto ndi timene tinapatsa dzina buku la The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison.

Anatuluka pa 10 Meyi 1991, ndipo posakhalitsa anasamukira ku England ndi banja lawo, kumene anaphunzitsa ku Leeds, ku Newcastle ndi ku York. Buku la timbalame lija linatuluka mu 1993, chaka chomwe Amalawi anasankha zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 Juni. Anapitiriza ndi Skipping Without Ropes mu 1998, Beasts of Nalunga mu 2007, ndi mbiri ya ukaidi wawo, And Crocodiles Are Hungry at Night, mu 2011.

Ndende sinawapatse luso. Inawalanda zaka, inatilanda mphunzitsi, ndipo mabuku awo anakhalabe kutali ndi kwawo: olembedwa m'Chingerezi, osindikizidwa kunja, a mtengo woti mwana wa msodzi wa ku Malindi kapena ku Makanjira sangaufikire. Posachedwapa ndinacheza ndi ana a Fomu 4 pa sukulu ina ya m'mphepete mwa nyanja, titakhala pansi pa mtengo wa mango. Ambiri ankadziwa kuti a Mapanje anamangidwapo. Nditafunsa amene anagwirako buku lawo, anangoyang'anana, ndipo mtsikana wina anandifunsa ngati ndikunena zoona kuti munthuyo ndi wa konkuno.