Mmene mlimi wa ku Vietnam anapezera pokongola ndalama

Kwa zaka mazanamazana, mlimi wa mpunga ku Vietnam akasowa ndalama ankagogoda kwa mwini munda kapena kwa wakatapila, apo ayi ankalowa gulu losonkherana mosinthana, chipereganyu chomwechi, lomwe kumpoto amati họ ndipo kummwera hụi. M'nthawi ya atsamunda a ku France, obwereketsa ndalama a Chettiar ochokera ku India anakhazikika m'chigwa cha Mekong, ndipo mtengo wa mpunga utagwa m'zaka za m'ma 1930, minda yambiri inapita ndi ngongole. Boma lachikomyunizimu la kumpoto linayambitsa makopaletivi a ngongole mu 1956, koma ankangotumikira banki ya boma. Ndi iko komwe, munda utakhala wa gulu, mlimi payekha akanakongolera chiyani?

Nkhani yeniyeni ikuyamba mu 1986, chaka chomwe chipani cholamula chinavomereza ndondomeko ya Đổi Mới yomasula malonda, mitengo ya zinthu itakwera ndi maperesenti oposa 700. Mu 1988 boma linapereka minda m'manja mwa mabanja. Mwadzidzidzi banja lililonse linafunika kudzigulira lokha feteleza, mbewu ndi njati yolimira, ndipo khama lawo linaoneka msanga: mu 1989 dziko lomwe linkasowa chakudya linagulitsa kunja mpunga wopitirira matani miliyoni imodzi. Koma ndalama zolimira zinali kuti? Banki ya zaulimi, yomwe lero ndi Agribank, inali itangobadwa kumene mu 1988, ndipo inkadziwa kukongoza makampani a boma, osati mabanja.

Mpata umenewo unagwera makopaletivi a ngongole, omwe anali oposa 7,000, kuphatikiza ena atsopano omwe anabuka m'matauni popanda wowayang'anira. Ankakopa anthu ndi chiwongoladzanja choposa 10 peresenti pa mwezi, inde pa mwezi. Mitengo ikamakwera usiku ndi usana, lonjezo lotere limatheka. Koma mu 1989 boma linakwanitsa kuchepetsa kukwera kwa mitengo, ndipo okongola analephera kubweza. Nkhokwe yapadera panalibe, wofufuza mabuku panalibe, ena ankalipira osunga akale ndi ndalama za osunga atsopano. Mu 1990 kampani yopanga mafuta onunkhira ya Thanh Hương ku Ho Chi Minh City, yomwe inkalandiranso ndalama za anthu mwa njira yomweyi, inagwa, mantha n'kufalikira. Anthu anathamangira kukatapa ndalama zawo, n'kupeza zitseko zotseka. Makopaletivi ambiri anafa chaka chisanathe.

Ine ndimaona kuti kugwa kumeneku ndiko kunabala zonse zabwino zomwe zinatsatira. Mu 1993 boma linayamba kuyesa mabungwe atsopano otchedwa People's Credit Funds, potengera makopaletivi a Desjardins a ku Quebec ku Canada, omwe Alphonse Desjardins anayambitsa ku Lévis mu 1900. Bungwe lililonse limakhala la dera limodzi laling'ono, eni ake ndi mamembala ogula masheya, limakongoza anthu odziwana, ndipo limagwira ntchito ndi chiphaso cha banki yaikulu ya dziko. Mu 1995 kunabwera thumba lalikulu lolumikiza onsewa, lomwe mu 2013 linasanduka Co-opBank. Lero mabungwewa alipo oposa 1,100.

Olemba ambiri amathokoza alangizi a ku Canada. Sindikukana, anathandiza. Koma ulemu waukulu ndimaupereka kwa akuluakulu a banki yaikulu omwe, atapsa mu 1990, anaumirira kuti mabuku aziwerengedwa ndipo bungwe lodwala lizitsekedwa, monga anachitiradi kuyambira mu 2000. Wachiwiri ndimaupereka ku lamulo la malo la 1993, lomwe linalola mlimi kuika chikole chikalata cha munda wake, chomwe amachitcha kabuku kofiira. Tisakometsere: ngongole zambiri za kumudzi zinachokera ku Agribank, ndipo makopaletiviwa anachita bwino m'zigwa zachonde, osati kumapiri kwa osaukitsitsa, komwe boma linachita kutsegula banki ya anthu osauka mu 1995.

Zaka zomwezo kuno ku Malawi zinthu zinkayenda chobwerera. Makalabu a alimi omwe ankakongola feteleza ndi mbewu kudzera ku bungwe la boma la SACA ankabweza pafupifupi ngongole yonse, pena chifukwa choopa kulandidwa mbuzi ndi malata. Chilala cha 1992 chitakantha, kenaka ndale za zipani zambiri n'kufika, alimi ambiri anasiya kubweza, SACA n'kugwa, ndipo mu 1994 ntchitoyo inapita ku Malawi Rural Finance Company, yomwe nayo sinakhalitse mpaka lero. Kusiyana kwake kuli apa: ndalama za SACA zinali za boma ndi za mabungwe akunja, pomwe zomwe kopaletivi ya ku Vietnam imakongoza zambiri zimakhala zosunga za anthu a m'mudzi momwemo, kotero wokana kubweza amadya ndalama za mnansi wake. Ma SACCO athu ndi mabanki m'khonde ali ndi mphamvu imeneyo. Chomwe mabanki m'khonde ambiri akusowabe ndi munthu wochokera kunja kwa gulu wobwera kudzatsegula kope la msungichuma.