Tochi yovala pamutu: nyali yobadwira m'migodi

Tochi yovala pamutu ndi nyali yaing'ono yomangirira pa lamba wotamuka kapena pa chisoti cha pantchito. Imaunika kumene munthu wayang'ana, manja onse awiri ali pa ntchito. Makaniko wogona kunsi kwa galimoto, wokonza mawaya a magetsi, mlonda, ngakhale wokwera phiri la Mulanje m'bandakucha, onse amaifuna pa chifukwa chimodzi: tochi wamba imalanda dzanja, mpaka ena amaigwira ndi mano.

Mbiri yake idayambira pansi pa nthaka. Kale anthu okumba malasha ankamangirira makandulo kapena tinyali tamafuta pa zipewa zawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kudafala nyali za kabaidi, zomwe zimayatsa mpweya wotuluka madzi akadonthera pa kabaidiyo. Zinkawala bwino, koma lidali lawi lamoto ndithu, pomwe m'migodi ya malasha mumadzadza mpweya wa methane umene umaphulika ukakumana ndi moto. Nyali yomwe Humphry Davy adapanga mu 1815, yotchinga lawi ndi kaukonde ka waya, idachepetsako ngozi, komabe idali yonyamula m'manja ndiponso yowala mwachizimezime.

Mu 1907 mgodi wa Monongah ku West Virginia, m'dziko la America, udaphulika n'kupha anthu oposa 360. Patangopita zaka zitatu, boma la dzikolo lidakhazikitsa nthambi yoona za migodi, ndipo mu 1915 nthambiyo idavomereza nyali yamagetsi ya pachisoti yomwe Thomas Edison adakonza. Batire inkakhala pa lamba wa m'chiuno, chingwe n'kukwera kumsana kukafika pa chisoti. Abambo a ku Malawi amene adapita ku Joni kudzera ku Wenela ndi Theba adavala nyali za mtundu wotere. M'migodi yambiri nyali iliyonse inkakhala ndi nambala yake, ndipo ikapanda kubwerera m'chipinda chosungira nyali pakutha pa ntchito, akuluakulu ankadziwa kuti wina watsala pansi.

Amene adathandiza kuitulutsa mu mgodi ndi Fernand Petzl, Mfalansa wokonda kulowa m'mapanga, yemwe mu 1973 adapanga tochi ya anthu okwera mapiri yokhala ndi batire pamutu pomwepo. Mababu a LED atafika cha m'ma 2000, tochiyi idapepuka, idayamba kusunga moto nthawi yaitali, ndipo mtengo udatsika mpaka idafika pa mabenchi a mavenda.

Pamenepa m'pomwe wogula ayenera kuchenjera. Kuwala kwa tochi kumayezedwa ndi malumeni, ndipo nambala imeneyi ndiyo imalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni. Pophika, powerenga kapena pokonza chinthu chapafupi magetsi atazima, malumeni 100 ndi okwanira ndi kutsalako. Woyenda m'njira ya m'phiri angafune 300. Tochi yotchipa yolonjeza malumeni zikwizikwi ndi yoikayikira. Nthawi yomwe batire imakhala nayonso ili ndi kachinsinsi kake. Malinga ndi muyezo wa FL1, womwe makampani ambiri odziwika amatsata, nthawiyo imawerengedwa kufikira kuwala kutatsika n'kutsala gawo limodzi mwa magawo 10. Choncho tochi yolembedwa maola 40 siiwala mofanana maola onsewo. Kumapetoko imangonyezimira ngati chiphaniphani.

Chizindikiro cha IPX4 chimatanthauza kuti tochi imapirira madzi owaza, monga mvula, pomwe ya IPX7 ingamire mita imodzi kwa mphindi 30 osaonongeka. Kwa msodzi kusiyana kumeneku si kwamasewera. Pa nkhani ya moto, yotchaja ndi chingwe cha USB imapulumutsa ndalama, koma kwa munthu wopita kutali ndi magetsi, ya mabatire a AAA ndi yodalirika chifukwa akatha amangosintha. Mabatire oterewa akasiyidwa m'tochi miyezi yambiri amatha kuchucha n'kudya zitsulo zam'kati.

Tochi zambiri zili ndi kababu kofiira. Si kokongoletsa ayi: kuwala kofiira sikusokoneza kwambiri maso amene azolowera mdima, ndipo sikudzutsa ogona pafupi. Kumathandizanso pa vuto lomwe aliyense wovala tochiyi amalipeza tsiku loyamba, lakuti akatembenuka kulankhula ndi mnzake amamuthobwa m'maso.

Chomwe tochi ya pamsika singachite ndi ntchito yomwe nyaliyi idapangidwira poyamba. Mu mgodi wa malasha, m'thanki ya mafuta kapena pamalo pomwe gasi akutuluka, kanthetenya kakang'ono ka pa switchi kangathe kuyambitsa moto. Malo otere amafuna nyali zoyezedwa ndi kuvomerezedwa mwapadera, ndipo chizindikiro chake chimasindikizidwa pa nyali penipenipo.