Ulendo wa pa njinga yamoto m'njira imene makolo anasenzamo sitima

Thonje ndagulitsa, mapira ali m'nkhokwe, ndiye mwezi wa July uno ine ndi mwana wanga wachisamba tikukwera njinga yamoto kuchoka kuno ku Chikwawa mpaka ku Matope, osadzera pa tala ayi, koma kutsata Shire m'tinjira ta kumidzi. Mayi a kunyumba akuti ndapenga. Akuti munthu wa imvi, njinga yake imodzi yomweyo yonyamulira matumba ku msika, akaithyolere m'miyala chifukwa chani? Ndiye ndati ndifotokoze pano, mwina ena mundimvetsa.

Amene simudziwa dera lino, Shire sayendeka pa bwato njira yonse. Kuchokera pa Kapichira kukafika ku Matope, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, madzi amangogwa m'mathithi ndi m'miyala: Kapichira, Mpatamanga, Tedzani, Nkula. Lero mayina amenewa timawamva magetsi akazima, koma kale anali khoma. David Livingstone atafika mu 1859, sitima yake inathera pomwepo. Mu 1863 anabweranso ndi sitima ina, Lady Nyassa, n'cholinga choti aiphwasule, ailambalalitse mathithi, akaiike pa nyanja. Anayamba kulambula msewu koma sanapite patali. Chigwa chino chinali chitapululuka ndi chilala ndi nkhondo za ogwira akapolo, chakudya kunalibe, anthu oti agwire ntchito kunalibenso, ndipo boma la kwawo linamuitana kuti abwerere. Sitimayo sinaione nyanja.

Patapita zaka 12, mu 1875, kunabwera amishoni a ku Scotland motsogozedwa ndi E. D. Young, pamodzi ndi Dr Robert Laws amene tonse tinamuphunzira ku pulayimale. Anabwera ndi sitima yotchedwa Ilala, dzina la dera la ku Zambia kumene Livingstone anamwalira mu 1873. Musaisokoneze ndi Ilala ya lero ija, imeneyo inayamba kuyenda mu 1951. Atafika m'munsi mwa mathithi mwezi wa September, anaimasula yonse kukhala zidutswazidutswa. Mafumu a Chimakololo, anthu amene anabwera ndi Livingstone n'kukhazikika kuno, monga Kasisi, ndi amene anamema anthu. Anthu mazanamazana anasenza zitsulo zija pamutu ndi pamapewa, kukwera ndi kutsika m'miyala yotentha, mpaka kumtunda kwa mathithi. Inu a kuno mukudziwa dzuwa la September, chitsulo ukachisiya panja suchigwira ndi dzanja. Malipiro ake inali nsalu basi. Ndipo mbiri imati atafika n'kuwerenga katundu, palibe chimene chinasowa. Anailumikizanso, ndipo pa 12 October 1875 Ilala inalowa m'nyanja.

Tsono taonani kusiyana kwake. Mathithi anali omwewo, miyala yomweyo, dzuwa lomwelo. Mu 1863 zinakanika, mu 1875 zinatheka. Chinasintha n'chiyani? M'midzi munali mutabwerera anthu, ndipo anthuwo anali ndi chakudya ndi mphamvu. Mabuku analemba mayina a azungu aja mmodzimmodzi, koma osenzawo amangowatchula ndi chiwerengero.

Ntchito yosenza sinathere pamenepo. Mu 1878 John ndi Fred Moir anayamba kuyendetsa kampani ija timangoti Mandala, ndipo katundu wake ankatsitsidwa kwa Katunga n'kukwera phiri pamitu ya amtengatenga kupita ku Blantyre, kenako kutsikira ku Matope kukakwera sitima ina. Azungu eni ake ankanyamulidwa pa machila. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908 mtolo unapepukako, koma nkhondo ya 1914 itabuka, anthu anagwidwanso zikwizikwi kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri sanabwerere.

Agogo anga aamuna ankatiuza tikuwotha moto kuti bambo awo anali ndi chipsera pa phewa ndi dazi pakati pa mutu, zonse za mtolo wa Mandala. Ankati akafika pokwera, wina amayambitsa nyimbo kuti miyendo iiwale. Ine ndinamva nkhaniyi ndi makutu anga, koma mwana wangayu akaimva amangoseka ngati nthano ya kalulu. Ndiye ndikufuna akaione miyalayo ndi maso. Komanso mwamva kuti pa Mpatamanga akukonza zomanga damu la magetsi. Madzi akadzakwera, malo ena sadzaonekanso. Ndati tipite kusanathe.

Makonzedwe ake ndi awa. Nthawi ndi July, chifukwa mitsinje yaing'ono imakhala itaphwa ndipo kutentha kumakhala kusanafike poipa. Nthawi ya dzinja musayese, dothi la makande limamata pa tayala mpaka gudumu kuleka kuzungulira, ndipo kamtsinje kouma m'mawa kamatha kukukokolola masana mvula itagwa kumapiri. Tidzera tsidya la kum'mawa, mbali ya Blantyre, chifukwa tsidya linalo kuli Majete, ndipo njovu ndi mkango sizidziwa hutala. Tapatula masiku atatu, ngakhale wa kabaza wina wandiuza kuti iye atha tsiku limodzi. Ife sitikuthamangira pasenjala.

Katundu: chigubu cha malita 5 a petulo, chifukwa wa m'mabotolo m'njira sudziwa chimene athiramo; machubu awiri, zigamba ndi guluu, pampu, pulagi yapadera, masipanala, waya ndi malamba a chubu omangira. Tcheni ndasintha kale, mabuleki ndamangitsa. Madzi akumwa ambiri, ufa pang'ono, kapoto, neti ya udzudzu, ndi zipewa zathu zonse ziwiri, pakuti mutu sagulitsa pa okala. Kusamba m'mbali mwa Shire ayi, ng'ona za kuno tikuzidziwa.

Koma chachikulu sichimangidwa pa keliyala. Mudzi uliwonse umene tigone, tiyamba kaye kwa a mfumu, kupereka moni, kunena kumene tachokera ndi chimene tadzera. Njira tizifunsa amayi a pa mjigo ndi anyamata oweta ng'ombe, chifukwa mapu a pa foni amakuonetsa mzere wokongola pamene mlatho unapita ndi Ana mu 2022, mvula ija inagumula damu la Kapichira dziko lonse n'kukhala mu mdima. Njinga ikatitchona mu mchenga, odzatikankha ndi anthu omwewo, zidzukulu za osenza aja. Ndatenga kope ndi cholembera kuti nkhalamba iliyonse imene ikukumbuka dzina la kholo lake limene linasenza mtolo, ndilembe.

Ndiye pempho langa nali. Inu a kwa Kasisi, kwa Kunthembwe ndi cha ku Zalewa, tandiuzeni malo amene panopa sipakudutsika, ndi kumene kuli wokonza njinga wodalirika. Ngati kwanu kuli agogo odziwa mbiri ya amtengatenga, ndiuzeni mudzi wake, tidzapatuka ngakhale kutalike. Mayi a kunyumba avomera tsopano, koma akuti njinga ikabwera yothyoka, chitowe cha chaka chamawa ndidzasenza ndekha pamutu mpaka ku msika.