Ndani Anali Kuunika Mapepa a Rhodes-Livingstone?

Mwana wathu akapita ku msonkhano wa akatswili ku Lusaka kapena ku Livingstone, timaona cithunzi cake pa Facebook ataimilila kutsogolo, kacikwangwani ka dzina kali pa cifuwa. Ife kunyumba timaomba m'manja poganiza kuti nchito yatha. Mwini wake adziwa kuti m'pamene yayambila. Zimene wakamba afunika kuzilemba bwino na kuzitumiza kwa mkonzi wa magazini ya akatswili. Mkonziyo amapeleka pepalo kwa akatswili ena awili kapena atatu kuti alifufuze zolakwa, ndipo kambili wolemba sauzidwa maina awo. Akavomela, pepa lidindidwa. Akakana, libwelela kwa mwini wake.

Kukambilana kafukufuku pa msonkhano kenako n'kumudinda si kwa dzulo m'dziko lathu. Mu 1938, dziko likali Northern Rhodesia, bungwe la Rhodes-Livingstone Institute linayamba nchito ku Livingstone. Colinga cake cinali kufufuza za umoyo wa anthu m'midzi na m'matauni, ndipo mtsogoleli woyamba anali Godfrey Wilson. Amene anabwela pambuyo pake, Max Gluckman, ndiye analimbitsa cizolowezi cakuti ofufuza azicoka kumene agwilila nchito, akumane, aliyense awelenge zimene wapeza, anzake amutsutse pamaso. Kuunika kwa masiku amenewo kunalibe cinsinsi monga kwa lelo: wokupeza colakwa anali kukhala nawe pa thebulo limodzi. Mu 1944 bungweli linayambitsa magazini yake, Human Problems in British Central Africa. Litasamukila ku Lusaka, linayamba kusonkhanitsa mapepa a misonkhano yake m'mabuku. Limodzi la iwo ni From Tribal Rule to Modern Government, la msonkhano wa 1959, limene Raymond Apthorpe anakonza. Onani caka cimeneco: ufulu unali utatsala zaka zisanu, ndipo nkhani ya mafumu na boma latsopano inali yotentha.

Tisaname, nchito yawo inali yolimba. Mpaka lelo ophunzila m'mayunivesiti akunja amawelenga mabuku amene anacokela kuno. Koma tikayang'anitsitsa amene anali kukhala pa thebulo lija, tipeza mipando ina ikusowa.

Ofufuza ambili anali azungu, ndipo cinenelo ca kumalo anali kuciphunzila ali kale pa nchito. Amene anali kumasulila, kulemba mibadwo ya mabanja, kuwelenga anthu khomo na khomo, na kufotokoza cifukwa cake nkhalamba yayankha mozungulila, anali othandiza aciafilika. John Barnes atabwela kwa Angoni a Mpezeni ku Fort Jameson, kumene lelo ni ku Chipata, anagwila nchito na Matshakaza Blackson Lukhero. Buku la Politics in a Changing Society linatuluka mu 1954 na dzina la Barnes. Clyde Mitchell analemba The Kalela Dance mu 1956, pepa lochuka lokamba za gule wa ku Luanshya, ndipo pa kusonkhanitsa nyimbo zake anadalila Sykes Ndilila. Maina otele timawapeza m'mau oyamikila, osati pa cikuto.

Apa m'pamene mau akuti "kuunikidwa na akatswili anzako" amatipatsa maganizo. Mzungu mnzake wa Barnes akanatha kumuuza kuti mfundo yake siigwilizana na ziwelengelo zake. Koma wodziwa kuti mwambi waumva molakwa, kapena kuti nduna yakuti yabisa mbali ina ya mlandu cifukwa mlendo alipo, anali munthu monga Lukhero. Ameneyo ndiye anali kuunika zenizeni, madzulo alionse kumudzi, ngakhale kuti m'kaundula wa nthawiyo sanali kuwelengedwa monga mnzawo.

Panalinso oyang'anila ena amene sanali akatswili m'pang'ono pomwe. Eni migodi anali na mphamvu yotseka cipata. Wilson analetsedwa kupitiliza kafukufuku wake pakati pa anchito a ku Broken Hill, Kabwe ya lelo, ndipo posapita nthawi anasiya nchito. A. L. Epstein nayenso anamutsekela komboni ya mgodi ku Luanshya. Conco pepa lisanafike n'komwe pa msonkhano, ena anali atasankha kale zimene wofufuza angaone.

Yunivesiti ya Zambia itatsegulidwa mu 1966, bungweli linali litakhala mbali yake, ndipo magazini ija inasintha dzina kukhala African Social Research. Lelo bungwelo timalidziwa na dzina lakuti INESOR. Ana athu ndiwo akhala pa thebulo, ena ni akonzi, ena ni ounika mapepa a anzawo. Vuto lawo ni lina: kukwezedwa pa nchito kudalila mapepa odindidwa, ndipo pa intaneti pali magazini ena amene amangofuna ndalama, n'kudinda ciliconse popanda woliwelenga.

Nkhani ya othandiza aja inadzafotokozedwa mokwanila mu 2001, m'buku la Lyn Schumaker lochedwa Africanizing Anthropology. Lukhero sanayembekezele zimenezo. Mwambo wa Nc'wala utayambanso mu 1980, iye analemba kabuku kake kofotokoza mwambowo, ndipo pa cikuto panali dzina lake.