Chithunzi pa Malonda a Zovala ku Kabwe: Kuchokera pa Katalogi Kufika pa Foni

Malonda a zovala amene akuchitika masiku ano pa foni za m'manja m'makomboni a tauni ya Kabwe m'dziko la Zambia, monga Nakoli, Makululu ndi Katondo, amaoneka ngati achilendo, komabe chizolowezi chogula chinthu munthu atangoona chithunzi chake chinayamba kale m'tauniyi. Komboni ndi dera lokhala anthu ambiri opeza movutikira, ndipo dzinali linachokera ku malo amene makampani a migodi ankasungako antchito awo m'nthawi ya atsamunda. Mbiri ya malonda amenewa ikusonyeza kuti mphamvu ya chithunzi yakhala ikukwera ndi kutsika malinga ndi mtunda umene uli pakati pa wogula ndi katundu, chifukwa chithunzi chimagwira ntchito pamene dzanja silingafike.

Tauniyi inabadwa chifukwa cha mgodi wa mtovu ndi zinki umene unapezeka mu 1902 n'kupatsidwa dzina lakuti Broken Hill, ndipo njanji itafika mu 1906, anthu ochokera m'madera a Alenje, Abemba, Angoni, Achewa ndi ena anayamba kusonkhana pamalopo kudzafuna ntchito. Pakati pa 1938 ndi 1940, Godfrey Wilson, mkulu woyamba wa bungwe lofufuza za chikhalidwe la Rhodes-Livingstone Institute, anachita kafukufuku pakati pa antchito amenewa, ndipo anapeza kuti ndalama zopitirira theka la malipiro awo zinkathera pa zovala. Ambiri ankasunga zovalazo m'mabokosi amene ankawasiya m'masitolo, n'kumawonjezeramo pang'onopang'ono kufikira tsiku lobwerera kumudzi, kumene nsalu, jekete ndi bulangete zinkagawidwa kwa makolo, apongozi ndi abale monga umboni wakuti ulendo wa kumgodi sunapite pachabe. M'tauni momwemo munalinso magulu a dansi amene anthu ankapikisanako pa kavalidwe. Ena mwa azungu a nthawiyo ankati kumeneku kunali kuwononga ndalama, koma maganizo otere anali osazama, pakuti munthu amene lamulo linkamuletsa kukhala ndi malo kapena nyumba yakeyake m'tauni analibe chuma china chooneka ndi maso chimene akanasonyezera ulemu wake kupatula chovala.

Anthu okonda kuvala chotere ndi amene katalogi inawapeza. Katalogi linali buku la zithunzi za katundu ndi mitengo yake, limene makampani a ku Britain, monga Oxendale ya ku Manchester, ndi ena a ku South Africa ankatumiza pa positi, ndipo wogula ankasankha chovala, kutumiza ndalama, n'kudikira phukusi kwa milungu ingapo. Bukuli linali ndi mphamvu ziwiri zimene ziyenera kulingaliridwa bwino. Yoyamba inali yakuti chithunzi sichinkafuna Chingerezi, kotero kuti ngakhale munthu wosadziwa kuwerenga ankatha kuloza suti imene waikonda n'kupempha kalaliki kuti amulembere kalata. Yachiwiri, imene inali yaikulu, inali yakuti chovalacho chinkajambulidwa chili pathupi la munthu woima mwaulemu, wovala chipewa ndi nsapato zonyezimira, moti woona chithunzicho ankadziona yekha mmene adzaonekere potsika sitima kwawo. Buku limodzi linkazungulira nyumba zambiri, ndipo amene anali ndi ndalama zochepa ankapita nalo kwa telala kuti awasokere chofanana nacho.

Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, ndipo tauniyi itatchedwa Kabwe mu 1966, malonda anatenga njira ina. Mu Epulo 1968, pa thanthwe la Mulungushi pafupi ndi Kabwe, Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 alionse m'makampani akuluakulu angapo, kuphatikizapo a masitolo. Mtengo wa kopa utagwa cha m'ma 1975, ndalama zakunja zinasowa, katundu anachepa m'mashelefu, ndipo anthu anazolowera kuima pamizere ya sopo, mafuta ophikira ndi shuga. Pa nthawi ya kusowa chithunzi chinalibe ntchito yambiri, popeza mphekesera yakuti katundu wafika inali yokwanira kudzaza sitolo.

Kusintha kwakukulu kunadza boma la Frederick Chiluba litatsegula malonda kuyambira mu 1991. Mgodi wa Kabwe unatsekedwa mu 1994, ntchito za njanji zinachepa, ndipo fakitale ya nsalu ya Mulungushi Textiles, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China, inavutika kufikira inaima mu 2007. Mabanja ambiri a m'makomboni analowa m'malonda a salaula, liwu la Chibemba lotanthauza kusankha pamulu, limene limanena zovala zakale zochokera kunja zimene ku Malawi zimatchedwa kaunjika. Pa salaula wogula amakhulupirira dzanja lake: amafunyulula chovala, kuchikoka pamsoko, kuchiyang'ana kukhwapa ndi pakolala, n'kuchiyeza pathupi. Karen Tranberg Hansen, amene anasindikiza buku la kafukufuku wa malondawa mu 2000, anaona kuti ogula ankakonda chovala chamakwinya chongotuluka kumene m'belo, chifukwa makwinyawo ankatsimikiza kuti sichinavalidwepo ndi munthu wina wa m'dziko momwemo. Apa n'zoonekeratu kuti wogula wa ku Zambia anaphunzira kukayikira chinthu chosalala mopitirira muyeso.

Foni yabweza chithunzi pakati pa malonda. Mu Julayi 2014 dziko la Zambia linakhala loyamba kulandira pulogalamu ya Internet.org, imene kampani ya Facebook inakhazikitsa mogwirizana ndi Airtel kuti anthu azilowa pa masamba ena a intaneti osalipira, ndipo m'zaka zotsatira mafoni ojambula otchipa, WhatsApp ndi kutumizirana ndalama pa foni zinafika m'nyumba zambiri. Mayi wa ku Nakoli amene wagula belo akhoza tsopano kujambula madiresi ake m'mawa, kuwaika pa foni, n'kulandira ndalama madzulo asanapite kumsika. Zithunzi zoterezi zimakopa ogula m'njira zodziwika. Diresi lojambulidwa lili pathupi la munthu limagulidwa msanga kuposa loyalidwa pamphasa, pa chifukwa chomwe chija chimene chinapatsa katalogi mphamvu. Kuwala kwa dzuwa kapena kukonza chithunzi pa foni kumasintha mtundu wa nsalu. Ndipo popeza chovala cha salaula chimakhala chimodzi chokha, mawu akuti chagulidwa olembedwa pa zithunzi zina amafulumizitsa wogula kulipira asanafunse za saizi kapena zilema.

Vuto lalikulu lili pa zithunzi zotengedwa pa masamba a masitolo akunja, zimene wogulitsa amaika ngati kuti ndi katundu amene ali naye m'nyumba, koma phukusi likafika nsalu imakhala yopyapyala ndi yosokedwa mwachisawawa. Khalidwe limeneli ndi chinyengo, ndipo limapweteka kwambiri anthu amene ndalama ya chovala chimodzi amaisonkhanitsa kwa mwezi wathunthu. Ogula ambiri, amene anakulira pa mulu wa salaula, ayamba kudziteteza popempha vidiyo, chithunzi cha chizindikiro cha pakolala, kapena chithunzi chojambulidwa panja masana, ndipo amakhulupirira kwambiri chithunzi choonetsa khoma la nyumba ya wogulitsa kuposa chosalala ngati cha m'magazini. M'komboni ngati Nakoli, mmene wogulitsa ndi wogula amakumana pa mpopi, kutchalitchi ndi pamaliro, manyazi amaletsa mabodza ambiri, koma chitetezo chimenechi chimatha katundu akamatumizidwa pa basi kuchokera ku Lusaka kapena ku Nakonde ndi munthu wodziwika pa nambala yokha. Lamulo la dziko la Zambia loteteza ogula la mu 2010 limaletsa kunamiza anthu za mtundu ndi ubwino wa katundu, ndipo bungwe la Competition and Consumer Protection Commission limalandira madandaulo otere, kaya wonamizayo ndi sitolo yaikulu kapena munthu wogulitsa pa foni.